Mwana wanga akufuna kukhala Ashleigh Buhai, kodi gofu imadyetsa munthu?

Wotchetcha_Joni
Abale moni nonse, ndabwera ndi nkhani yandisowetsa tulo. Ine ndimagwira ntchito pa bwalo la gofu kuno ku Joni chaka chachisanu ndi chinayi tsopano, 5 koloko mmawa ndimakhala ndili kale pa makina kutchetcha ma green, kapinga wosalala wozungulira dzenje uja. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 13, anayamba kumabwera nane Lolemba tsiku lomwe antchito amatilola kusewera, ndiye membala wina anampatsa ndodo yakale ya 7 iron tinachita kuidula kuti imukwane. Pano mtsikana uja wapenga nayo gofu, kuchipinda kwake wamata chithunzi cha Ashleigh Buhai, katswiri wa gofu wa konkuno ku South Africa, atanyamula chikho ndipo akuti sukulu ikungomuchedwetsa iye akufuna akhale pro. Mayi ake akuti ndine ndamuononga mwana. Ine mpira wake ndimauona, umapita mowongoka kuposa wa mabwana ena omwe ndimawatchetchera. Koma funso langa ndi ili, ntchito imeneyi imadyetsa munthu zoona? Amene mukuitsata mbiri ya mayi ameneyu tandiuzeni wadutsa muti, ndisamulimbikitse mwana zinthu zoti mawa adzandida nazo.

Maule4Life
Kkkkk gofu amwene? Mugulireni mpira wa netball basi, zinazi ndi za ana a mabwana

Mphunzitsi_Dedza
Achimwene mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Ine Buhai ndamutsata kuyambira akutchedwa Ashleigh Simon asanakwatiwe. Anabadwira konko ku Johannesburg mu 1989. Mu 2004 ali ndi zaka 14 zokha anawina South African Women's Open, mpikisano wa akuluakulu osati wa ana ayi, kuwagonjetsa azimayi omwe gofu inali ntchito yawo, iye ali mwana wa sukulu. Mu 2007 anauwinanso. Atangokwanitsa zaka 18 mmawa wake analowa u pro, ndipo mpikisano wake wachitatu chabe anawina Catalonia Ladies Masters ku Spain. Aliyense ankati basi uyu dziko lonse ligwada.

Ndiye mvetserani apa. Chikho chija mwana wanu wamata pakhoma anachitenga mu 2022 ali ndi zaka 33. Kuchoka 2007 kufika 2022 werengani nokha, zaka 15. Pakatipo anawina ku Portugal mu 2011 ndi kwawo mu 2018, koma ku America kumene kuli ndalama zenizeni anasewera mipikisano yoposa 200 osawina ngakhale umodzi. Mwana wanu akuona chithunzi cha tsiku limodzi, mumuonetsenso zaka 15 zija.

Anti_wa_Leeds
Aphunzitsi mukuyankhula ngati zaka 15 zimenezo ankagona ndi njala. Munthu kukhala pa LPGA, ligi yaikulu ya gofu ya azimayi ku America, chaka ndi chaka osachotsedwa ndi kupambana kale. Si onse amene amawina koma amadya

Mphunzitsi_Dedza
Anti sindinati ankagona ndi njala. Koma musaiwale malo ake ku America sanali okhazikika nthawi zonse, zaka zina ankasewera kwambiri ku Europe komwe ndalama zake ndi zochepa. Munthu amene ali ndi zaka 14 ankamuimbira mmanja dziko lonse, kufika zaka 30 anthu akumufunsa kuti kodi chinavuta ndi chani. Zimenezo zimapweteka mumtima ngakhale mthumba muli kanthu.

KadiWakale77
Ndiloleni ndifotokoze za ndalamazi poti ambiri mukuona ngati pro amalandira salale pakutha pa mwezi. Kulibe zimenezo. Mpikisano waukulu umakhala wa masiku anayi, Lachinayi mpaka Lamulungu. Pakatha masiku awiri amadula mzere, amati cut, pafupifupi theka la osewera amalongedza zikwama kubwerera, ndipo mmipikisano yambiri amapita opanda ngakhale tambala. Koma ndege walipira wekha, hotela wekha, galimoto ya hayala wekha, chakudya wekha, ndipo kadi wako, wokunyamulira chikwama cha ndodo uja, umulipira ya sabata yonse kaya wadutsa cut kaya wagwa. Ukawina kadi amatenganso gawo lake kawirikawiri 10 peresenti. Ndiye ukaphonya cut masabata anayi otsatizana ndi ngati wa minibasi amene wathira mafuta mwezi wonse koma okwera palibe. Ndi geni imeneyi achimwene, geni yoti mpamba wake ndi iwe mwini.

Maule4Life
Ndiye mwaona, ine ndanena kale. Bola mpira wamiyendo ukaluza allowance umalandirabe

Namasina_wa_Kempton
Allowance yake iti kkkk osewera akwathu aja amachita kunyanyala training kuti awapatse? Tisanamizane

Maule4Life
Achemwali musatiyambe, inu Manoma mukudziwika

Wotchetcha_Joni
Abale tisapite ku mpira chonde. @KadiWakale77 zimenezo za cut ndimazidziwa pang'ono, pa bwalo pathu panabwerapo mpikisano wa azimayi wa Sunshine Ladies Tour. Ndinaona ndi maso anga atsikana anayi atsika mgalimoto imodzi yaying'ono zikwama za ndodo ataziika pamiyendo, wina ananyamula yekha chikwama tsiku lonse poti analibe ya kadi, masana ndinamupeza kuseli kwa shedi yathu ya makina akudya buledi ndi nthochi. Ndinati kodi awa ndi ma pro omwe timawaona pa TV aja? Nchifukwa chake ndili ndi mantha.

Anti_wa_Leeds
Mantha ndi abwino koma ndikuuzeni za tsiku lija, poti ine ndinaonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndili pa shifiti kunyumba ya okalamba, agogo ena achi Scotland anakana kukagona mpaka zithe ndiye ndinakhala nawo. Linali Lamulungu pa 7 August 2022, AIG Women's Open pa bwalo la Muirfield ku Scotland. Loweruka lake Buhai anamaliza bwalo lonse ndi ma shot 64 okha mphepo ikuomba, zomwe agogo aja ankati sizichitikachitika pabwalo limenelo, ndiye analowa tsiku lomaliza akutsogola ndi ma shot asanu. Asanu! Tonse tinkati zatha izi angoyenda kukatenga chikho. Kufika pa dzenje la 15 mpira wake woyamba unagwera mmchenga, poutulutsa unakalowa mmaudzu atali, kuvutika nawo mmenemo, pomaliza dzenje loyenera kulimaliza ndi 4 analimaliza ndi 7. Kutsogola konse kuja kunathera pamenepo, anafanana ndi Chun In-gee wa ku South Korea amene anali atawina kale ma major atatu, mipikisano ikuluikulu ngati umenewu. Agogo aja anangoti watha mtsikanayu. Ine ndinatuluka kukapanga tiyi sindinafune kuona munthu akulira.

Pobwera ndinapeza sanagwe. Anamaliza mabowo atatu otsalawo bwinobwino onse awiri 10 under, kutanthauza ma shot 10 kuchepera pa oyenera, ndiye playoff yoti apezeke wowina. Dzenje la 18 analibwereza kanayi, kunja kukuda anthu pa TV akuoneka ngati zithunzithunzi, kuno inali itadutsa 9 koloko usiku. Ulendo wachinayi Chun anaponya mmchenga kuchokera pa tee, Buhai naye wachiwiri wake unalowa mu bunker, dzenje la mchenga, ya pambali pa green. Mmene anautulutsira mpira umenewo abale, mchenga fwaa mpira nkumagubuduka pang'onopang'ono kukaima pafupi penipeni ndi dzenje. Agogo aja anamenya tebulo tiyi nkutayika. Munthu amene wadikira zaka 15 ndipo maola awiri apitawo wataya ma shot atatu pa dzenje limodzi, manja ake osanjenjemera.

KadiWakale77
Anti mwaifotokoza ngati ndinali pomwepo. Ndipo shot ya mu bunker simenya mpira ayi, umamenya mchenga kumbuyo kwa mpira mchengawo ndi umene umaunyamula. Ukachita mantha pang'ono nkukhudza mpira weniweni umauluka kudutsa green yonse. Ukazamitsa kwambiri umatsala mommo. Kuchita zimenezo kuli mdima ndalama yoposa miliyoni ya madola ili patsogolo pako, eee.

Wa_ku_Chipata
Miliyoni? Zoona izi? Nanga mukuti gofu siidyetsa bwanji

Mphunzitsi_Dedza
Analandira $1,095,000 tsiku limenelo. Koma chaka chomwecho mwezi wa July Cameron Smith atawina Open ya azibambo ku St Andrews analandira $2.5 miliyoni. Thumba lonse la azimayi linali $7.3 miliyoni la azibambo $14 miliyoni. Ndiye ngakhale pamwamba penipeni mzimayi analandira zosakwana theka. Ndipo mu miliyoni ija muchotsemo msonkho, kadi, kochi.

Wa_ku_Chipata
Aphunzitsi ngakhale muchotse zonsezo yotsalayo ine ndi inu sitidzaigwira mpaka kumanda

Mphunzitsi_Dedza
Zoona, koma patsiku limenelo anayamba mpikisano anthu oposa 140, wowina mmodzi. Bambo afunsa za mwana wawo osati za lotale.

Namasina_wa_Kempton
Ine chimene chimandisangalatsa pa nkhani ya Muirfield si ndalama ayi. Kalabu imeneyo kwa zaka zoposa 200 sinkalola mzimayi kukhala membala. Mu 2016 anavota nkukanabe, mpaka a R&A, bungwe loyendetsa Open, anawalanda mwayi wochititsa Open ya azibambo, ndi pamene mu 2017 anavotanso nkuvomera, azimayi oyamba analowa 2019. Ndiye ulendo woyamba Open ya azimayi kuchitikira pamenepo wowina nkukhala wochokera ku Africa. Komanso Gary Player anawina pabwalo lomwelo mu 1959, Ernie Els mu 2002 nayenso pa playoff nayenso potulutsa mpira mu bunker ya pa 18. Kuno anthu ankati bwalo limenelo lili ndi mwayi wa a South Africa. Patangopita masiku awiri linali tsiku la amayi kuno pa 9 August, mawayilesi ankangokamba za iye.

Mkwiyo_Zingwangwa
"Wochokera ku Africa" kkkk tiyeni tinene chilungamo. Ndi mzungu wa ku Joni amene anakula ndodo zili pakhomo, kalabu ili pafupi, makolo okhoza kumuyendetsa mmipikisano. Musamufanizire ndi mwana wa munthu wotchetcha kapinga wochokera kwathu kuno. Gary Player, Ernie Els, Sally Little, Lee-Anne Pace, Paula Reto, tchulani wakuda mmodzi pamenepo. Mukumupatsa bambo uyu maloto a eni ake.

Namasina_wa_Kempton
Kubadwira ku Joni si ku Africa? Nanga ndi kuti?

Mkwiyo_Zingwangwa
Mukudziwa chimene ndikutanthauza achemwali musazembe

KadiWakale77
Mkwiyo ali ndi mfundo ngakhale akuiponya ngati mwala. Ine ndinayamba kunyamula zikwama ndili ndi zaka 11 pa kalabu ina kumudzi, sinditchula dzina. Tinkalowa mu kamtsinje kutola mipira yotayika kuitsuka ndi sopo nkuwagulitsanso eni ake omwewo. Ndodo yanga yoyamba inali nthambi ya gwafa yopindika kumapeto, tinkakumba timaenje kuseli kwa makomboni nkumabetcherana mandasi. Ndili ndi zaka 17 ndinkamenya bwino kuposa mamembala ambiri, bwana wina amene ndinkamunyamulira anandilonjeza kuti andilipirira mpikisano wa achinyamata, ndinauza mudzi wonse mayi anga mpaka anandisokera kabudula woyera. Tsiku litafika bwana uja foni osayankha, Loweruka lotsatira anabwera nkundiponyera chikwama ngati palibe chinachitika. Ndinanyamula, nanga ndikanatani. Ndiye luso lokha silikwanira, pamafunika munthu kumbuyo kwako amene sathawa.

Koma Mkwiyo kunena kuti palibe wakuda si zoona. Papwa Sewgolum anali kadi wa ku Durban wa mtundu wa amwenye, ankagwira ndodo mopingasa, anawina Dutch Open katatu nthawi ya tsankho. Vincent Tshabalala naye anayamba ngati kadi anawina French Open mu 1976. Kwa azimayi kuli Nobuhle Dlamini wa ku Eswatini wawinapo pa Sunshine Ladies Tour ndipo wasewera ku Europe.

Wa_ku_Chipata
Musaiwale wathu Madalitso Muthiya! Mu 2006 anasewera US Open ku Winged Foot, munthu woyamba wa ku Zambia kufika pamenepo. Dzina lomwelo mukulimva ndi lathu lathu. Ndipo iye anadutsira sukulu, anapita ku University of New Mexico chifukwa cha gofu yomweyo

Mphunzitsi_Dedza
Apo ndiye mwafika pamene ine ndimafuna. @Wotchetcha_Joni mwana wanu akuti sukulu ikumuchedwetsa chifukwa Buhai analowa u pro ali ndi zaka 18 osapita ku koleji. Koma Buhai pa zaka 14 anali atagonjetsa kale dziko lonse la South Africa, njira imeneyo ndi ya anthu owerengeka. Muuzeni za Paula Reto, amene anawina CP Women's Open ku Canada patangopita masabata atatu Buhai atawina Muirfield. Iye anadutsira ku Purdue University, anasewerera timu ya sukulu nkutenga nawo chikho cha makoleji a ku America mu 2010. Makoleji amenewo amapereka malo kwa atsikana odziwa gofu koma amafunanso magiredi, wolephera mkalasi samutenga. Ndiye sukulu ndi gofu si adani. Akapanda kufika pa LPGA amatsala ndi pepala mmanja.

Maule4Life
Aphunzitsi nkhani iliyonse mumaimalizira ku sukulu kkkk ngakhale titamakamba za nsima

Mphunzitsi_Dedza
Ndi ntchito yanga amwene, inu mumamalizira ku Bullets

MtsikanaWaPutter
Ndakhala ndikungowerenga koma ndiyankhepo poti ine ndinadutsamo. Ndinakulira ku Pretoria makolo ndi a ku Ntcheu, ndinasewera ma junior kuyambira zaka 12 mpaka 19, handicap yanga, nambala yoonetsa luso yomwe imatsika ukamasewera bwino, inafika 2. Sindinakhale pro ndipo sindidandaula. Ankolo @Wotchetcha_Joni chinthu choyamba mwana akhale ndi handicap yovomerezeka, popanda imeneyo palibe amene angamuwerengere ngakhale mpira wake upite mowongoka bwanji. Alembetse pa kalabu ngati junior, poti inu mumagwira pomwepo kayankhuleni ndi pro wa pa shopu, ambiri amatsitsa mtengo wa ana a antchito mukapempha. Chachiwiri funsani za South African Golf Development Board, ntchito yawo ndi yomweyi yophunzitsa ana ochokera mmabanja osapeza bwino, iliponso Ernie Els & Fancourt Foundation. Koma ndikuchenjezeni za mapepala, mwana akayamba kufika pa matimu a province kapena a dziko nkhani ya ID ndi unzika imabwera, ndiye mufunse msanga musadzadzidzimuke ali ndi zaka 16.

Chachitatu ndi chimene anthu sakamba. Gofu ndi masewera osungulumwa. Ine ndinkalira mgalimoto bambo anga akuyendetsa osayankhula kuchoka ku mpikisano mpaka kunyumba poti ndamenya 84 iwo atalipira petulo ndi malo ogona. Sankandikalipira ayi koma chete ameneyo ankandipweteka kuposa kukalipa. Ndinayamba kuona putt iliyonse ngati ndalama ya bambo anga, manja nkumauma. Buhai yemweyo chaka chimene anawina anali atayamba kugwira ntchito ndi kochi wa maganizo Duncan McCarthy, si kuti swing yake inali yolakwika zaka zonsezo, nkhondo inali mmutu. Mu 2019 ku Woburn anatsogolanso mpikisano womwewu masiku awiri oyamba, tsiku lomaliza anasewera limodzi ndi Hinako Shibuno, Shibuno nkuwina iye kuthera pa nambala 5. Ku Muirfield tsiku lomaliza anamuphatikizanso ndi Shibuno yemweyo. Tangoganizani zimene zinkayenda mmutu mwake atamenya 7 uja.

Anti_wa_Leeds
Mwana iwe wandikhudza. Bambo ako anadziwa kuti zinkakupweteka?

MtsikanaWaPutter
Ndinawauza nditakula anti, anati iwo ankakhala chete poopa kuti akayankhula andiwonjezera chisoni. Tonse tinkasamalana molakwika kkk

Mkwiyo_Zingwangwa
Ndiye mwamva nokha, handicap 2 koma sanafike. Nanga wa 7 iron yodula?

MtsikanaWaPutter
Achimwene sindinafike pa TV koma gofu inandilipirira theka la fizi ku koleji ndipo ntchito imene ndili nayo ndinaipeza kudzera mwa mayi wina amene ndinasewera naye Loweruka lina. Kufika kumene mukunena inu ndi kuti?

Mkwiyo_Zingwangwa
Chabwino apo ndagonja pang'ono. Pang'ono

Maule4Life
Funso lakumbali, ndinamva kuti anawinanso mpikisano wa Shoprite. Ndiye Shoprite imathandiza gofu ku America koma kuno ayi?

Namasina_wa_Kempton
Kkkkkk ayi amwene, ShopRite LPGA Classic ya ku New Jersey imeneyo ndi sitolo ina ya ku America komweko, maina angofanana sizikhudzana ndi ya kunoyi. Anawina mu June 2023. Inenso poyamba ndinkaganiza kuti mphoto yake ndi trolley ya grocery

Wa_ku_Chipata
Ndafa ine kkkk akanamupatsa ma voucher a nkhuku

Mphunzitsi_Dedza
Koma taonani chimene chinachitika chitseko chitatseguka. August 2022 Muirfield, December 2022 Australian Open, March 2023 South African Women's Open ku Steenberg ku Cape Town kachinayi, June 2023 ShopRite ija. Zikho zinayi mmiyezi khumi mmakontinenti anayi, munthu amene anakhala zaka zonse zija ku America osawina. Ndodo zomwezo manja omwewo.

KadiWakale77
Ndipo pamene ndinati pamafunika munthu kumbuyo, mwamuna wake David Buhai ndi kadi. Anamunyamulirapo chikwama mkazi wake zaka zingapo, kenako anagwirizana kuti aliyense azigwira payekha, sabata ya Muirfield iye ankanyamulira Jeongeun Lee6 wa ku Korea pomwe chikwama cha Ashleigh chinali ndi Tanya Paterson. Pa playoff bamboyo anali kunja kwa chingwe ngati wina aliyense, makamera ankangomuonetsa akuvutika. Ife makadi tinanyadira tsiku limenelo ngati ndi mlamu wathu.

Namasina_wa_Kempton
Anachita bwino kusiyana pa ntchito. Ine amuna anga atandiuza kuti tenga 6 iron ine ndikufuna 7, mpira nkulowa mmadzi, kunyumba ndiwo sizingapsye

Anti_wa_Leeds
Komanso nzeru zake ndi zoti mmodzi akaphonya cut winayo mwina wadutsa, nyumba siigona ndi njala. Mazira onse mdengu limodzi ayi

Mphunzitsi_Dedza
Lee6 ameneyo si typing error, ku Korea kunali osewera asanu ndi mmodzi a dzina lofanana ndiye anawapatsa manambala

Maule4Life
Ngati ma Banda mkalasi mwanu aphunzitsi

Gogo_wa_Area25
Ana inu ndawerenga zonse ngakhale za ma iron sindikuzimva. Ine ndifunse bambo a mwanayu, mayi ake mwakhala nawo pansi? Poti mwati akuti mwamuononga mwana. Mayi amaona zimene inu simuona, mwana wamkazi wa zaka 13 kumayenda mmipikisano kugona kutali, pakati pa azibambo a ndalama omwe amati ndikuthandiza. Wolonjeza uja anangothawa kwa KadiWakale, kwa mtsikana ena sathawa amafuna malipiro ena. Musamusiye yekha ndi munthu chifukwa choti wagula nsapato. Ndatha ine.

MtsikanaWaPutter
Agogo mwanena zoona zokhazokha. Ine mayi anga ankakhala mgalimoto ndi zoluka zawo maola asanu kudikira, ndinkachita nazo manyazi pano ndimamvetsa

Mkwiyo_Zingwangwa
Apa ndiye palibe chotsutsa

Wotchetcha_Joni
Abale zikomo, ndinali kuntchito ndangomaliza kuwerenga pano. Agogo mawu anu ndawatumiza kwa mayi a kunyumba momwe alili, ayankha kuti mwaona ndimanena zomwezi. Dzulo madzulo ndinamuuza mwana nkhani ya dzenje la 15 ija Anti afotokoza, ndimayesa achita mantha koma anangondifunsa kuti ndiye ulendo wachinayi anagwiritsa ndodo yanji mu bunker. Ine sindinadziwe. Za zaka 15 ndamuuzanso, anawerengera pa zala nkuti ndiye ine ndidzakhala ndi 28 si zambiri. Mwana ameneyu kaya.

Tagwirizana chonchi, report ya term ino ikabwera bwino ndikamuona pro wa pa shopu za handicap ija, masamu akatsika 7 iron ndikaitsekera mu shedi ya makina. Mayi ake avomera bola Loweruka azipita nawo iwowo. Lolemba likubwerali ndamuuza abwere 6 koloko ndisanapalase mchenga wa pa 9, ndimuponyera mipira 20 mu bunker tione ingati ituluke.

KadiWakale77
Ndi 7 iron siituluka bwino achimwene mumuzunza mwana, pamafunika sand wedge

MtsikanaWaPutter
Ankolo ndili nayo yakale ya 56 ili mgaraja kwa mayi ku Pretoria, grip yake yatha koma mutu uli bwino. Ndilembereni ku inbox. Ndi wamanja kapena wamanzere?

Wotchetcha_Joni
Wamanzere mwanangu, iii ndinaiwala kunena

MtsikanaWaPutter
Aaa ankolo ndiye yanga siimuthandiza. Nanga 7 iron ija anaipeza bwanji yamanzere?

Wotchetcha_Joni
Ndi yamanja, amalemba ndi kumanzere koma gofu anaphunzirira yomweyo poti inalipo ndi imeneyo

KadiWakale77
Musamusinthe. Tumizani wedge imeneyo